Mbale ya mayi wodwala endometriosis: kadyedwe kati kali ndi mutu kuno ku Nkhotakota?

Mng'ono wanga anayamba kuvutika ndi cham'mimba ali Fomu 2. Mwezi uliwonse ankajomba kusukulu masiku awiri kapena atatu, atadzipinda pamphasa, botolo la madzi otentha lili pamimba. Azakhali ankati zidzatha akadzabereka. Anakwatiwa, zaka zinadutsa, mwana sanabwere ndipo ululu sunathe. Dzina la matendawo tinakalimva ku Lilongwe atamutumiza kuchokera kuno kwathu: endometriosis. Chimvereni dzinalo, malangizo a zakudya akhala akubwera ngati mvula. Wina akuti aleke nyemba, wina akuti aleke buledi, wina wafika ndi mabotolo a mapiritsi amtengo wa mbuzi. Popeza ndine amene ndimapita naye kumsika, ndinaganiza zokhala pansi n'kusanthula njirazi imodziimodzi, kuti tidziwe pomwe pali phindu ndi pomwe tikungotaya ndalama.

Matendawa amabwera pamene timinofu tofanana ndi tija timayala m'kati mwa chiberekero tamera kunja kwake: pa mabasiketi a mazira, pa machubu, kuseri kwa chiberekero, nthawi zina pamatumbo kapena pachikhodzodzo. Mwezi ukakwana timinofuti timatupa n'kukha magazi monga chimachitira chiberekero, koma magaziwo alibe potulukira. Ndiye pamabwera kutupa, zipsera, ndi ziwalo kumatana. N'chifukwa chake ena amamva ululu osati posamba pokha, komanso pokhala malo amodzi ndi abambo, pochita chimbudzi kapena pokodza. Bungwe la WHO limati mayi kapena mtsikana mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka ali ndi vutoli, anthu pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Ndiye kuti m'kalasi iliyonse ya atsikana 40 ku sekondale muli mwina anayi, ndipo ambiri a iwo akungouzidwa kuti apirire.

Chinthu chimodzi ndichinene poyambirira kuti tisanamizane: palibe chakudya chomwe chimachiza matendawa, ndipo palibe kadyedwe komwe katsimikizika kuti kamawapewetsa. Bungwe la akatswiri a zauchembere ku Ulaya la ESHRE, m'malangizo ake a 2022, silinasankhe kadyedwe kamodzi kuti ndiko kothetsa ululu. Linangolimbikitsa kudya bwino, kuchepetsa mowa ndi kulimbitsa thupi. Komabe chakudya chimakhudza zinthu zinayi zomwe zimazunza wodwala: kutupa, homoni yachikazi yotchedwa oestrogen yomwe imadyetsa timinofu tija, matumbo, ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Njira iliyonse ndaiyeza pa zinayizi, komanso pa funso lachisanu lomwe malangizo ochokera kunja safunsa: kodi mayi wa ku Chia kapena ku Lifuwu angaikwanitse?

Njira yowonjezera: usipa, masamba, zipatso ndi mgaiwa

Iyi ndi njira yomwe siyamba ndi mawu akuti "lekani". Imati onjezerani nsomba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi ufa wosakonola. Ndikhalitsa pamenepa chifukwa ndi pomwe ife akunyanja tili ndi mwayi woposa anzathu akumtunda.

Ululu wa msambo umayambitsidwa kwambiri ndi timichere totchedwa prostaglandin, tomwe thupi limapanga kuchokera ku mafuta amene timadya. Mafuta a m'nsomba, otchedwa omega-3, amapangitsa thupi kutulutsa mitundu ya timichereti yosatupitsa kwambiri. Ku America kuli kafukufuku wamkulu wa anamwino wotchedwa Nurses' Health Study II. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2010, atatsatira amayi oposa 70,000 kwa zaka 12, zinaonetsa kuti amene ankadya omega-3 wochuluka ankapezeka ndi endometriosis mocheperako ndi 22 peresenti poyerekeza ndi amene ankadya wochepa kwambiri. Kafukufuku yemweyo mu 2018 anaonetsa kuti amene ankadya malalanje ndi zipatso za mtundu umenewo tsiku lililonse nawonso ankapezeka ndi matendawa mocheperako ndi 22 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti nsomba kapena lalanje ndi katemera. Kafukufuku wamtunduwu amangoona zomwe zikuyendera limodzi, ndipo munthu wodya nsomba ndi zipatso nthawi zambiri amasamalanso mbali zina za moyo wake. Koma njira yake ndi yomveka, ndipo palibe chomwe mutaye.

Kuno nsomba yoyenera kuiyang'ana si chambo cha kuhotela. Ndi usipa. Usipa ndi nsomba yamafuta, ndipo timaudya wathunthu, mutu, minga ndi zam'kati, kotero umapatsanso kashiyamu ndi ayironi zomwe nyama ya nsomba yaikulu payokha ilibe zochuluka chotero. Utaka nawonso uli m'gulu lomwelo la nsomba zazing'ono zotsika mtengo. Chachikulu ndi kaphikidwe. Usipa wauwisi wophika ndi tomato ndi anyezi, kapena wofutsa, umasunga ubwino wake. Usipa womizidwa m'mafuta omwe akazingira kuyambira m'mawa umabwera ndi mafuta oipa omwe tikufuna kuwachepetsa. Vuto la njirayi ndi nyengo: mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, ndipo mulu wa usipa umachepa pomwe mtengo ukukwera. Ife timagula wouma wochuluka nthawi yomwe wachuluka padoko n'kusunga pouma.

Masamba ndi mgaiwa zimagwira ntchito ina. Chiwindi chikamaliza ndi oestrogen chimamutaya m'matumbo, ndipo gaga wa m'zakudya amathandiza kuti atuluke ndi chimbudzi m'malo mobwereranso m'magazi. Kuwonjezera apo, amayi ambiri odwala matendawa amadzimbidwa, ndipo chimbudzi cholimba chikamadutsa pafupi ndi malo otupa ululu wake ndi wosaneneka. Apa mgaiwa ukuposa ufa woyera kutalitali. Kondowole, yemwe ife a Nkhotakota timamunyadira, ndi wokhutitsa koma alibe zomanga thupi zokwanira, choncho amafuna ndiwo zamphamvu pambali: chigwada chotendera, nsomba, nkhwani, bonongwe, kholowa, chisoso, therere. Nsinjiro m'malo mwa mafuta ogula n'zomwe agogo athu ankachita kale, ndipo n'zabwino kuzibwerera. Zipatso zimangotsata nyengo: manachesi ndi malalanje m'nyengo yozizira, malambe a ku Salima m'chilimwe, mapapaya ndi magwafa akapezeka.

Palinso nkhani ya magazi, yomwe anthu ambiri amaiwala. Mayi amene amataya magazi ambiri mwezi ndi mwezi amatha kukhala woperewera magazi, ndipo kutopa, chizungulire ndi kuthamanga mtima zimawonjezera pa ululu. Usipa, chiwindi mwa apo ndi apo, nyemba ndi masamba obiriwira zimabwezeretsa ayironi. Madzi a ndimu pa ndiwo kapena chakumwa cha malambe zimathandiza thupi kuyamwa ayironiyo, pomwe tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Mng'ono wanga anangosuntha nthawi yomwera tiyi kuti patalikirane ndi nsima ndi ola limodzi kapena awiri. Zimenezi sizifuna ndalama.

Njira yochepetsa nyama yofiira ndi zapachiwaya

Kafukufuku wa anamwino uja anapezanso zinthu ziwiri zoipa. Amene ankadya kwambiri mafuta otchedwa trans, omwe amapezeka m'mafuta olimbitsidwa kufakitale monga majarini ena, mabisiketi ndi zokazinga zina zogula, ankapezeka ndi matendawa mochulukirapo ndi 48 peresenti. Ndipo zotsatira za 2018 zinaonetsa kuti amene ankadya nyama yofiira koposa kawiri pa tsiku anali pachiopsezo chochulukirapo ndi 56 peresenti poyerekeza ndi amene ankadya kamodzi pa sabata kapena osafika pamenepo.

Taonani bwino muyeso umenewo: koposa kawiri pa tsiku. Ndi mabanja angati ku Benga kapena ku Khombedza amene amadya ng'ombe kawiri pa tsiku? Kwa mayi wakumudzi amene amalawa mbuzi pa Khrisimasi, pa Eid kapena paukwati, kumuletsa nyama n'kumulanda ayironi amene akumufuna. Langizoli likukhudza kwambiri ife apaboma ndi apa Kamuzu Road, amene nkhomaliro yathu yasanduka tchipisi ndi kanyenya wapachiwaya tsiku ndi tsiku, soseji, mandasi m'mawa ndi zakumwa zashuga. Kwa munthu wotero, kuchepetsa kuli ndi phindu ngakhale kwa mtima ndi shuga wa m'magazi, ndipo ndalama yomweyo ikhoza kugula nsomba. Mowa nawonso umakweza oestrogen m'magazi, ndiye uli m'gulu lomweli. Njira imeneyi siilimbana ndi yoyamba ija. Zimayendera limodzi ngati nsima ndi ndiwo.

Kuleka tirigu

Iyi ndi yomwe imatchuka kwambiri pa Facebook, ndipo ndiidutsa msanga. Gwero lake lalikulu ndi kafukufuku wa ku Italy wa 2012, pomwe amayi 207 anasiya zakudya zokhala ndi gluten, chinthu chopezeka mu tirigu, kwa miyezi 12 ndipo 75 peresenti ananena kuti ululu wachepa. Chiwerengerocho n'chokopa, koma panalibe gulu lina loyerekeza nalo lomwe linapitiriza kudya monga kale, ndiye palibe angatsimikize kuti gluten ndi amene anali wolakwa.

Kwa ife nkhaniyi ndi yosavuta kuposa mmene amaionetsera. Gluten amapezeka mu tirigu, ndipo nsima, kondowole, mpunga wa ku Bua ndi ku Lifuwu, mbatata, chinangwa ndi mawere zilibe gluten ngakhale pang'ono. Tinabadwira kale m'kadyedwe komwe anzathu a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akapeze. Tirigu wathu ali makamaka mu buledi, masikono, mandasi ndi supageti. Wofuna kuyesa angosinthanitsa buledi wam'mawa ndi mbatata kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro kwa miyezi iwiri kapena itatu. Palibe chifukwa chokwerera minibasi kupita ku Lilongwe kukagula ufa wolembedwa kuti ulibe gluten.

Njira ya FODMAP, ya amene mimba imafufuma

Iyi ndi yovuta kwambiri mwa zonse, ndipo ndi yomwe inatipatsa maganizo kunyumba kwathu. Amayi ambiri odwala endometriosis amadandaula kuti mimba imafufuma ngati ali ndi pakati, mpweya umadzaza, nthawi zina kutsegula, nthawi zina kudzimbidwa. Akatswiri a ku Monash University ku Australia anakonza kadyedwe kochepetsa mitundu ina ya shuga yomwe matumbo sayamwa bwino, ndipo imakawira m'matumbo aakulu n'kutulutsa mpweya. Dzina lakuti FODMAP ndi chidule cha mayina a mitundu imeneyo. Kafukufuku wa ku New Zealand wa 2017 anapeza kuti mwa amayi okhala ndi endometriosis pamodzi ndi vuto la matumbo, 72 peresenti anapezako bwino patatha milungu inayi. Pa njira zonse zoletsa, iyi ndi yomwe ili ndi umboni womveka, koma wa zam'matumbo zokha. Timinofu tija siitichotsa.

Tsono taonani zomwe imachotsa pambale: nyemba, khobwe, nandolo, anyezi, adyo, tirigu, mkaka wauwisi, uchi, ndi mango. Muuzeni mayi wa ku Salima mu Disembala kuti asadye mango, pomwe ndi chakudya chomwe chikupulumutsa banja nthawi ya njala. Muuzeni kuti aleke nyemba pomwe ndiye ndiwo yokhayo yomanga thupi mwera ukavuta. Apa ndi pomwe malangizo abwino angasanduke oipa. Nyemba zomwezo ndi zomwe njira yoyamba ija ikuzitamanda chifukwa cha gaga ndi ayironi.

Eni ake a njirayi sananene kuti ndi ya moyo wonse. Imayenera kutsatidwa kwa milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, kenako n'kumabwezera chakudya chimodzichimodzi kuti udziwe chomwe chikukuputa. Kuchita zonse nthawi imodzi kumafuna mlangizi wa zakudya, ndipo wofuna kutero afunse kuchipatala cha boma ngati alipo womuthandiza. Ife tinachita zapang'ono. Tinayamba ndi anyezi ndi nyemba zokha kwa milungu itatu, nsomba ndi mazira zikulowa m'malo. Titabwezera, tinapeza kuti anyezi alibe mlandu, koma nyemba zodzadza mbale zimamufufumitsa makamaka sabata yoyandikira msambo. Tsopano amaziviika usiku wonse, kutaya madziwo, kuziphika mpaka zife bwino, n'kudya pang'ono, ndipo sabata imeneyo amazipumira. Kabichi nayenso amamuchita chimodzimodzi pomwe nkhwani ndi bonongwe sizimuvuta. Zimenezi ndi za mimba ya mng'ono wanga. Yanu ikhoza kuloza chinthu china. Mayi amene mimba yake siifufuma alibe chifukwa chilichonse choyambira njira imeneyi, ndipo woyembekezera, woyamwitsa kapena woonda kale asaiyese payekha.

Mkaka ndi soya

Ziwirizi zimangonamiziridwa. Kafukufuku wa anamwino uja mu 2013 anapeza kuti amene ankadya za mkaka zochuluka ankapezeka ndi matendawa mocheperako, osati mochulukira. Ngati mkaka wauwisi ukukupwetekani m'mimba, chambiko kapena yogati nthawi zambiri zimakhala bwino chifukwa shuga wa mumkaka amakhala atachepa. Soya ali ndi timichere tofanana pang'ono ndi oestrogen, ndipo n'chifukwa chake anthu amamuopa, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi homoni ya m'thupi. Phala la soya kapena nyama ya soya pa muyeso womwe timadyera kunyumba si zoti banja lizitaye.

Mabotolo, mapiritsi ndi zitsamba

Apa ndi pomwe mtima umandipweteka, chifukwa ndaona amayi akugulitsa mpunga wa chaka chonse kuti agule mabotolo olonjeza kutsuka chiberekero. Chiberekero si mphika woti n'kutsuka, ndipo timinofu ta endometriosis tili kunja kwake komwe. Ngakhale mapiritsi odalirika a vitamini sanapambane mayeso. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Boston pa atsikana ndi amayi achichepere 69: ena anapatsidwa vitamini D, ena mafuta a nsomba, ena mapiritsi opanda mankhwala, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ululu unachepa m'magulu onse, ndipo vitamini kapena mafutawo sanapose mapiritsi opanda kanthu aja. Ndiye ngati muli ndi ndalama yogulira botolo limodzi la mafuta a nsomba, ipititseni padoko.

Pali ziwiri zomwe ndimazisiya padera. Mapiritsi a ayironi ndi ofunika ngati kuchipatala ayeza magazi n'kupeza kuti ndi ochepa, ndipo kumeneko ndi komwe muyenera kuwatenga. Jinja wophika m'madzi wathandiza amayi ena pa ululu wamsambo wamba m'mayeso angapo, ndi wotsika mtengo, ndipo kapu imodzi kapena awiri sizivuta. Koma mizu ndi makungwa osadziwika muyeso zikhoza kupweteka chiwindi ndi impso, ndipo zoika kumaliseche zimangowonjezera zilonda pamalo omwe akudwala kale.

Chomwe mbale singachite

Kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja pali chinthu china chomwe mlangizi wa ku London sangakuuzeni: likodzo. Timachapa, timasamba ndi kulima mpunga m'madzi omwe muli nkhono zofalitsa tizilombo take. Mazira a tizilomboti akakhazikika m'njira yoberekera amabweretsa ululu wa m'chinena, kupweteka pogonana, kutaya magazi mosayenera ngakhale kusabereka, zizindikiro zomwe zimafanana kwambiri ndi za endometriosis. Likodzo lili ndi mankhwala ake, praziquantel. Zotupa za m'chiberekero ndi matenda opatsirana pogonana nazonso zimatha kuoneka chimodzimodzi. Mayi akhoza kutha chaka akusala nyemba ndi buledi pomwe vuto lake likanathetsedwa ndi mapiritsi. Choncho ulendo woyamba ndi wa kuchipatala, kaya cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, kaya ku St Anne's, ndipo ngati pafunika akatswiri a matenda a amayi amatumiza ku Kamuzu Central Hospital. Sikani imaonetsa zotupa za pa mabasiketi a mazira koma timinofu tating'ono imatha kutiphonya, ndiye sikani ikatuluka yoyera koma ululu ukupitirira, bwereraninso mukanene.

Zomwe zimagwira matendawa pakhosi ndi mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen, omwe amagwira bwino akayambidwa ululu usanakule ndipo amwedwe mutadya, ndi njira za mahomoni zomwe timazidziwa ngati zakulera: mapiritsi, jakisoni wa Depo, kapena kachipangizo kapamkono. Izi zimachepetsa kapena kuimitsa msambo, timinofu tija n'kupuma. Kwa ena pamafunika opaleshoni. Wofuna mwana anene msanga kwa dokotala, chifukwa njira yake imakhala ina. Kusiya mankhwala chifukwa wayamba kudya bwino ndi kulakwitsa komwe ndapempha mng'ono wanga kuti asadzachite.

Mukandifunsa kuti ndisanje njirazi, yowonjezera ija ili patsogolo, pamodzi ndi kuchepetsa zapachiwaya kwa amene zimawakhudza. Ndi yokhayo yomwe banja lonse lingadyere mphika umodzi, popanda kuphikira wodwala payekha kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa apongozi. Ya FODMAP ikubwera pambuyo, kwa amene mimba imafufuma okha, kwa milungu yowerengeka. Kuleka tirigu n'kosavuta kuyesa ndipo n'kosavuta kusiya ngati sikunathandize. Mabotolo ali kumapeto.

Chida chomwe chatithandiza kuposa zonse ndi kope la ana asukulu. Tsiku lililonse mng'ono wanga amalemba zomwe wadya, tsiku la mwezi wake, ndi kukula kwa ululu kuyambira 0 mpaka 10. Tsopano amasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, ndipo amadikira misambo iwiri kapena itatu asanagamule, chifukwa mwezi umodzi wabwino ukhoza kungobwera wokha. Kopelo amapita nalo kuchipatala, ndipo adokotala amaliwerenga. Mwezi watha masiku ofika pa 8 anali awiri, pomwe kale ankakhala asanu. Akumwabe mankhwala ake, ndipo Loweruka likubwerali tilawirira limodzi kudoko mabwato asanakocheze.